Kachitsulo Koyatsa Chipolopolo Kamafuna Kusamala

Ku United States, alenje ambiri ndi anthu ochita mipikisano yowombera sataya makoko a zipolopolo akatha kuwombera. Amawatola, kuwatsuka, n'kuwadzazanso kunyumba kwawo. Pa zinthu zonse zimene amagwira pa ntchitoyi, chaching'ono kwambiri ndicho chofunika kuchiopa: primer.

Primer ndi kakapu kachitsulo kosakwana mamilimita 6, kamene kamalowa kunsi kwa khoko. Mkati mwake muli mankhwala otchedwa lead styphnate, omwe amaphulika akangomenyedwa, akakhuzidwa kapena akatenthedwa. Kanthu ka mfuti kakagogoda pamenepo, moto umalowa m'khoko n'kuyatsa onga. Mtundu umene odzazanso amaukonda ndi wa Edward Boxer, msilikali wa ku Britain yemwe anaukonza mu 1866, chifukwa suvuta kuchotsa ukatha ntchito.

Onga wamakono ukayatsidwa poyera umangoyaka. Primer ndiye ayi, imaphulika, ndipo imodzi ikaphulika imayatsa zinzake zonse zoyandikana nayo nthawi yomweyo. N'chifukwa chake makampani monga CCI, Federal ndi Winchester amaziika 100 m'kathireyi, iliyonse m'kadzenje kakekake. Bungwe la opanga mfuti ndi zipolopolo la SAAMI, lomwe linakhazikitsidwa mu 1926, limaletseratu kuzikhuthulira pamodzi m'botolo kapena m'chitini. Wochita zimenezo amayesa kuti akusunga malo, pamene wadzipangira bomba pashelefu, ndipo botolo likakhala lagalasi zidutswa zake zimawuluka ngati mipeni.

Malamulo oteteza moto a NFPA 495 amaika malire pa kuchuluka kwa ma primer osungidwa m'nyumba yokhalamo, ndipo ma primerwo ayenera kukhala kutali ndi moto komanso padera ndi onga. Nkhaniyi inakula mu 2020, pamene ma primer anasowa m'masitolo ndipo anthu anayamba kugula mounjika.

Malo ena oopsa ndi pamakina odzazira. Ena ali ndi kachubu kamene kamanyamula ma primer 100 osanjikizana, n'chifukwa chake opanga amakaphimba ndi paipi yachitsulo yoloza kudenga. Primer ikakana kulowa, munthu wodziwa ntchito amasiya n'kuyang'ana chavuta. Kukanikiza ndi mphamvu ndiko kumaphulitsa. Kukankhanso primer m'chipolopolo chodzaza kale ndi onga n'koletsedwa. Magalasi oteteza maso savulidwa mpaka ntchito itatha, ndipo pamenepa palibe chokambirana, pakuti kachidutswa kamodzi kokha kangathe kuboola diso.

Fumbi nalo ambiri amaliiwala. Timankhwala timatsalira m'machubu ndi m'mathireyi, ndipo tikachuluka timaphulika, choncho zipangizo zimapukutidwa ndi kansalu konyowa. Zogwa pansi zimatoledwa ndi manja, osati ndi makina opopa fumbi. Popeza mankhwalawa ali ndi mtovu, womwe umawononga kwambiri ubongo wa ana, wodzaza amasamba m'manja ndi sopo asanadye kapena kunyamula mwana.