Nandolo pa Bawo

Anzanga, tonse tidziwa bawo, ndipo tidziwa kuti lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu. Tsono tiyese kuika nandolo m'maenjemo motere: m'dzenje loyamba njere imodzi, lachiwiri ziwiri, lachitatu zinayi, lachinayi 8, ndi kumawirikiza kawiri kufikira dzenje lomaliza. Kodi nandolo wake angachuluke bwanji? Pamene ndinafunsa anzanga kunyumba yogona, wina anati lichero limodzi, wina anati thumba.

Mzere woyamba ulandira njere 255 zokha. Mizere iwiri ilandira 65,535. Koma bawo lonse lilandira njere 4,294,967,295! Tikayesa kuti njere khumi zilemera galamu imodzi, apo pali matumba oposa 8,500 a makilogalamu 50. Munthu wowerenga njere imodzi pa sekondi, usana ndi usiku, angathe zaka 136.

Tsopano tiisuzumire nambalayi. Siigawika pawiri, pakuti itsirizira ndi 5. Ndipo pa chifukwa chomwecho igawika ndi 5. Manambala ake khumi tikawaphatikiza apanga 57. Popeza 3 alowa mu 57 koma 9 salowamo, nayonso igawika ndi 3, osati ndi 9. Chotero siili m'gulu la manambala osagawika, amene pa Chingerezi awatcha prime, monga 7 kapena 13, ogawika ndi 1 ndi iwo eni basi.

Tikaiphwanya yonse tipeza 3 × 5 × 17 × 257 × 65,537. Asanu onsewa ndi osagawika, ndipo ali pachibale: chotsani 1 pa aliyense, mupeza 2, 4, 16, 256 ndi 65,536, yense ali mnzake wam'mbuyo atachulukitsidwa ndi mwini yekha.

Katswiri wa masamu wa ku France, Pierre de Fermat, anaona zimenezi cha m'ma 1640, nakhulupirira kuti onse a mtundu umenewu adzakhala osagawika. Wotsatira wake ndiye 4,294,967,297, amene aposa nandolo wathu uja ndi njere ziwiri zokha. Panapita zaka pafupifupi 90 anthu osatsutsa. Koma mu 1732 Leonhard Euler wa ku Switzerland anaonetsa kuti nambalayo ndi 641 × 6,700,417. Amene akukayika atenge pensulo achulukitse yekha; ine ndinatero kawiri. Kufikira lero, ngakhale kuli makompyuta, palibe wapeza wina wosagawika wa mtundu uwu woposa 65,537.

Ngati munthu wanzeru ngati Fermat ananyengedwa ndi zitsanzo zisanu, nanga ife a Fomu 3? Pa mayeso a masamu, chinthu chikachitika kasanu sindiye kuti chichitika nthawi zonse. Tiyenera kuonetsa chifukwa chake. Ndipo wina pa msika wa Phalombe akadzakupemphani nandolo wodzaza bawo mwa njira iyi, musadzavomere msanga.

Wophunzira wa Fomu 3