Kutsegula m'mimba: kuchipatala sapatsa kapisozi aliyense

Alimi anzanga a ku Manjawira, dzinja likafika matenda otsegula m'mimba amachuluka, chifukwa mvula imakokolola zonyansa za kutchire n'kukazithira m'zitsime zosatetezedwa. Ine ntchito yanga ndi ya mbewu, koma ndaona minda yambiri ikumizidwa ndi udzu pamene eni ake ali gone pamphasa.

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi lakuti, "Tapita kuchipatala, angotipatsa timapaketi ta mchere, jakisoni ayi." Timapaketi ta ORS timeneto, timene ambiri timati Thanzi, ndiwo mankhwala enieniwo. Chimene chimapha munthu wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, monga chimanga chifotera pa ng'amba. Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo wodwala azimwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza. Mwana amapatsidwanso mapiritsi a zinki, kamodzi pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14. Amalize ngakhale ataoneka kuti wachira, ndipo asasiye kuyamwa. Amene wafookeratu, maso alowa, akulephera kumwa, ndiye amamuika diripi.

Nanga makapisozi? Kutsegula m'mimba kwa ana kawirikawiri kumayamba ndi mavairasi, amene kapisozi sawapha. Adokotala amapereka mankhwala otere akaona magazi m'chimbudzi, ndiye kamwazi, kapena kolera ikakula. Ngakhale pa mliri wa kolera wa 1,700 ndi kupitirira amene tidawaika m'manda m'Malawi muno mu 2022 ndi 2023, chithandizo choyamba chidali madzi omwewo. Kugula Flagyl kapena Bactrim muwiri pa golosale kumangozoloweretsa tizilombo mankhwala, monga zichitira mbozi tikamazipopera mankhwala osakwanira muyezo.

Pali china chokhudza ife alimi makamaka. Mukapopera thonje kapena tomato ndi mankhwala onga dimethoate, kenaka n'kuyamba kusanza, kutsegula m'mimba, kuchucha dovu ndi thukuta lambiri, ameneyo angakhale poizoni, ndipo Thanzi payekha sangathandize. Vulani zovala zopoperazo, sambani ndi sopo, ndipo wina akutengereni kuchipatala msanga mutanyamula botolo la mankhwalawo kuti adokotala awerenge dzina lake. Poizoni wamtundu umenewu amamuletsa ndi jakisoni wa atropine, amene pa golosale simungamupeze.