Kaikidwe ka Zithunzi za Papepala M'felemu

Ambiri a ife tikaona chithunzi chili m'felemu timayesa kuti felemuyo ndi yongokongoletsera khoma. Iyayi, ntchito yake yaikulu ndiyo kuteteza pepala, pakuti pepala lili ndi adani ambiri: dzuwa, chinyezi, chuku, mphemvu, ndiponso manja a mwini wake amene.

Cha m'ma 1831 mmisiri wa ku Japan, dzina lake Katsushika Hokusai, anajambula funde lalikulu lili pafupi kumiza mabwato atatu, phiri la Fuji likuonekera chapatali. Amisiri anzake anasema chithunzicho pamatabwa, nadinda mapepala ambirimbiri amene anthu ankagula pamtengo wotsika. Otsala lero angopitirira 100, ndipo mu 2023 limodzi linagulidwa ku New York ndi madola oposa 2.7 miliyoni! Pa ambiri mwa mapepalawa mitambo imene inali yofiirira inasuluka ndi kuwala, ngakhale kuti buluu wa fundelo anakhalabe. Nchifukwa chake a British Museum ku London amaonetsa ao kwa nthawi yochepa chabe, m'chipinda chosawala kwambiri, kenaka nkuwabwezera m'bokosi.

Tsono ntchito iyamba ndi makatoni awiri olingana. Wapansi ndiye pogona chithunzi. Wapamwamba amamuboola pakati ngati zenera. Zenera limeneli lipatsa chithunzi malo opumira, kuti chisagundane ndi galasi. Usiku kukazizira galasi limachita thukuta mkati, ndipo pepala lokhudzana nalo limamatirira kapena kuchita chuku. Katoni wake asakhale wamba. Wopangidwa ndi mitengo yopera ali ndi asidi, monga pepala la nyuzi limene mumaliona likufiira likakhalitsa, ndipo pakapita zaka amasiya mzere wofiira kuzungulira chithunzi chonse. Wabwino ndi wa thonje.

Pomata ndi pamene ambiri amalakwa. Munthu atenga guluu napaka kumsana konse, kapena amata selotepi m'mbali zinayi, nayesa kuti walimbitsa. Koma pepala silikhala chete: nthawi ya dzinja limamwa chinyezi nkutambasuka, m'chilimwe nkubwerera. Mukalimanga ponseponse lisowa kolowera, motero limakwinyika kapena kung'ambika. Selotepi ndiye woipitsitsa, pakuti ulimbo wake umalowerera m'pepala nkusiya banga lachikasu lovuta kuchotsa. Akatswiri amangomata timapepala tiwiri m'mphepete mwa kumtunda, ndipo chithunzi chimalendewera pa ito ngati chitseko. Timapepalato ndi ta ku Japan, topangidwa ndi makungwa a mtengo wa mtundu wa mabulosi, topyapyala koma tolimba zedi. Chomatira chake ndi phala lophika ndi sitachi ya tirigu. Ine ndiona kuti apa ndipo pagona nzeru yonse, chifukwa wobwera pambuyo, ngakhale patapita zaka 50, angonyowetsa pang'ono ndi madzi, nachotsa chithunzi chili chamoyo.

Chinanso, anzanga, musadule m'mphepete mwa chithunzi kuti chikwane m'felemu imene muli nayo kale. M'munsimo ndimo mmisiri amalemba dzina lake ndi pensulo, pamodzi ndi nambala yonga 12/50, kutanthauza pepala la nambala 12 mwa 50 amene anadindidwa. Felemu ndiyo iyenera kutsata chithunzi.

Za matabwa sinditalikitsa, popeza anzathu ophunzira ukalipentala adziwa kucheka ngodya pa madigiri 45 kuti nsonga zikumane bwino. Mukapukuta galasi ndi kuika zonse m'malo mwake, tsekani kumbuyo ndi katoni wina wolimba, ndipo matani pepala m'mipata kuti fumbi ndi mphemvu zisalowe, pakuti mphemvu zikonda phala lija. Popachika sankhani khoma la mkati losaomba dzuwa, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Ikaninso timitengo tiwiri kuseri kwa ngodya za m'munsi, kuti mpweya uzidutsa pakati pa felemu ndi khoma.