Buledi wa boma ku Egypt

Kwa zaka zoposa 30, buledi wa baladi ku Egypt ankagulidwa pa mapiyasita (ndalama zazing'ono za ku Egypt) 5 okha, mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama zomuphikira. Zotsalazo linkalipira ndi boma. Mu June 2024 mtengowo unakwera kufika pa mapiyasita 20.

Boma linazengereza kukweza mtengowu zaka zonsezi pa chifukwa chomveka. Mu January 1977, pulezidenti Anwar Sadat atachepetsa thandizo la boma pa zakudya zina zofunika, ku Cairo ndi m'mizinda ina kunabuka zipolowe, anthu ambiri anafa, ndipo boma linabweza ganizolo mwachangu.

Kwa banja losauka, buledi wotchipa amasiya kandalama kogulira mankhwala kapena yunifolomu ya mwana. Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti thandizo la aliyense limadontha ponseponse. Opeza bwino nawonso ankagula, ufa wina unkagulitsidwa mwakatangale, ndipo alimi ena ankadyetsa ziweto buledi poti anali wotchipa kuposa chakudya cha ziwetozo.

Pofuna kuchepetsa kudonthaku, mu 2014 boma linabweretsa makadi ogulira buledi. Munthu aliyense wolembedwa pa khadi amaloledwa mabuledi asanu patsiku, ndipo amene sanatenge amasanduka mapointi ogulira mafuta ophikira, shuga kapena mpunga.