Dothi la pabwalo pathu likuthera m'nyanja

Tikangochoka ku swala ya Fajr, chimene chimamveka m'midzi yathu, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, ndi tsache. Amayi ndi atsikana amasesa bwalo mpaka liyere mbee, ndipo kaudzu kakangoti katuluke, khasu lakafika kale. Tinakula choncho, ndipo makolo anali ndi chifukwa: pabwalo loyera njoka ndi chinkhanira zimaonekera patali.

Koma taonani m'tsinde mwa nyumba yanu. Nyumba zambiri zakale maziko ali pamtunda, njerwa zimene mmisiri anazikwirira zikuoneka, mizu ya mango ili poyera. Dothi linali pamenepo lapita kuti? Tsache limachotsa pang'ono tsiku lililonse, mwera umauluza lina, ndipo mvula yoyamba imakokolola lotsala kudzera m'tinjira mpaka kugombe. Amene anaona mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene madzi amakumbira malo opanda chomera.

Kwa ife asodzi nkhaniyi sithera pa maziko a nyumba. Chambo chachimuna chimakumba chisa chake pamchenga, ndipo chachikazi chimasunga mazira m'kamwa mpaka ana ataswa, kenaka n'kukawasiya m'madzi osaya, m'mabango. Matope akachuluka amakwirira mchenga uja, madzi amada. Inde, matope ambiri amabwera ndi mitsinje kuchokera m'minda ya kumtunda, koma athu a pakhomo ndi amene amagwera pomwepo pamene ana a nsomba akukulira.

Sitikunena kuti titaye tsache ayi. Pakhonde, pakhitchini ndi poyala mkeka pazikhala poyera monga kale. Koma kumene madzi a padenga amagwera, kumbuyo kwa nyumba, ndi pansi pa thandala la usipa, tiyeni tibzale kapinga. Sagulidwa. Mvula ikakhazikika mu Disembala, zulani timitsitsi take m'mbali mwa msewu, mukwirire m'timizere, mupondepo. Pakutha kwa dzinja amakhala atayala. Amene amayanika usipa adzaona yekha kusiyana kwake, chifukwa nsomba yopanda mchenga ndi fumbi savuta nayo wogula.

Alimi atiseka, tikudziwa. Kapinga yemweyu ndi mdani m'munda, akalowa m'chinangwa satuluka. Nchifukwa chake pafunika kumuikira malire, kangalande kapena mzere wa njerwa, n'kumadula zimene zadumpha. Ndipo asatalike: chikwakwa chizidutsa kawirikawiri, kapena mbuzi yomangirira igwire ntchitoyo. Udzu wometedwa bwino njoka siikonda. Kumalo otsetsereka, m'malire a bwalo, vetiva amaposa kapinga. Mizu yake imalowa pansi kwambiri, sayanga, ndipo mukamubzala mothinana, motalikana ngati chikhatho, amasefa dothi madzi n'kudutsa.

Nanga m'chilimwe, dzuwa la Okutobala la kuno, madzi othirira achokera kuti? Tili nawo kale, kasanu pa tsiku. Madzi a wudhu alibe sopo, koma pakhomo pambiri ndi pamizikiti yambiri amangopanga chithaphwi chimene udzudzu umaswanamo. Mashehe athu amatikumbutsa kuti Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) analetsa kuwononga madzi pochita wudhu ngakhale munthu ali pamtsinje woyenda. Kungosuntha ndowa, n'kumachitira wudhu pamwala umene uli m'mbali mwa kapinga, madzi omwewo agwira ntchito kawiri. Kapinga akauma n'kufiira musadandaule, sanafe. Mvula ikagwa aphukanso.

Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha ndithu: feteleza ndi mankhwala ophera udzu zisafike pabwalo la kugombe. Dothi lathu ndi lamchenga, siligwira kanthu. Feteleza wothiridwa lero, mawa ali m'nyanja, ndipo kumeneko amadyetsa ndere ndi namasupuni, yemwe uja amatseka njira za mabwato mu mtsinje wa Shire. Feteleza mmene wakwerera mtengomu, ndani angamuthire pa udzu? Apite ku chimanga. Kapinga amakhuta ndi zitosi za nkhuku zowolerana, manyowa a mbuzi, ndi udzu wake womwe mukaumweta n'kuusiya pomwepo. Mamba ndi matumbo a nsomba, m'malo mowataya pagombe, akwirireni mozama m'dzenje la manyowa kuti agalu asafukule.

Za mankhwala opopera, ena mwa ife timatsuka mpope wake kudooko komwe ana amasamba ndi kumene amayi amatunga. Tsukirani kumunda, kutali ndi chitsime, madziwo alowe pansi pomwepo, ndipo botolo lotha musatungiremo madzi kapena kulisandutsa choyandamitsa ukonde.