Za Kusankha Ukulele Woyamba

Mwana akaona mnzache akuliza kagitala kakang'ono ka zingwe zinai kotchedwa ukulele, sagonanso tulo, m'mawa ndi madzulo mau ache ndi amodzi okha, akuti, “Atate, mundigulire.” Tidziwa kuti ndalama ya m'nyumba njochepa, ndiponso kuti inatuluka m'munda ndi thukuta. Chifukwa chache tati tikuuzeni zoyenera kuyang'ana musanamasule mfundo ya kansalu.

Choimbira chimenechi kwao nku Hawaii, zisumbu za pakati pa nyanja yaikuru ya Pacific. Chaka cha 1879 chombo chotchedwa Ravenscrag chinakocheza ku Honolulu chitanyamula Apwitikizi a ku Madeira, amene anadza kudzagwira nchito m'minda ya nzimbe. Mwa iwo munali amisiri a matabwa atatu, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, ndipo ndiwo anayamba kusema ukulele potsanzira kagitala ka kwao kotchedwa machete. Mfumu Kalākaua inaukonda kwambiri, ndipo pa chionetsero cha ku San Francisco chaka cha 1915 mbiri yache inawanda m'dziko la Amereka. Dzinalo ambiri amalimasulira kuti “utitiri wodumpha”, poona umo zala zithamangira pa zingwe.

Ukulele uli wa misinkhu inai. Waung'ono ndi soprano, kutalika kwache masentimita 53. Concert afika 58, tenor 66, baritone 76. Mwana mumgulire soprano, pakuti ngwopepuka m'manja ndi pa mtengo pomwe. Munthu wamkuru wa zala zonenepa ndi khasu adzapeza malo okwanira pa concert. Baritone muyambe mwamleka, chifukwa zingwe zache amazikunga mwa njira yina, monga zinai za gitala, ndipo mabuku ambiri a oyamba sadzagwirizana naye. Misinkhu itatu inayo zingwe zache ndi G, C, E, A, ndiko kuti so, do, mi, la kwa ife amene tinaphunzira nyimbo pa bolodi.

Ngozi yaikuru iri pa zidole. M'masitolo muli tiukulele topaka utoto wowala, totsika mtengo koposa, timene anatipangira kuseweretsa makanda. Mwana akalandira kotere amalimbana nako sabata ziwiri, nyimbo yosatuluka, nayamba kuganiza kuti wopanda nzeru ndi iye. Pamenepo ndalama yapita, mtima wa kuimba wapitanso. Ife tiyesa kuti nkwabwino kudikira kufikira mutagulitsa mtedza, ndi kugula wa pakati, wosanyadira koma woona.

Pofika m'sitolo musachite manyazi kuugwira, ngakhale wogulitsa akuyang'aneni ndi diso lofiira. Poyamba muuike pa diso monga achita mmisiri ndi thabwa, muone ngati khosi lache liri lowongoka. Kenaka muyendetse chala m'mbali mwa khosilo. Timizere tachitsulo tikakukandani, dziwani kuti tidzachekanso zala za mwana. Muŵerenge timizereto kufikira ka 12, ndipo pamenepo muone mpata wa pakati pa chingwe ndi kachitsulo. Uyenera kukhala ngati mamilimita atatu. Kamtengo kamodzi ka machesi kalowe bwino. Tiwiri tosanjikiza tikalowa, zingwe zatalikira, ndipo mwana adzamva kuwawa pozikanikiza.

Kuyesa kopambana konse ndi uku: lizani chingwe osachigwira, mumvetsetse, ndipo muchikanikize pa kamzere ka 12 ndi kuchilizanso. Mau achiwiriwo akhale omwewo, koma apamwamba, monga do wa pansi ndi do wa pamwamba poimba mai ndi mwana. Chifukwa chache nchakuti kamzere ka 12 kali pakati peni peni pa chingwe, ndipo theka la chingwe lipereka mau omwewo okwera. Akasiyana kwambiri, mmisiri analakwa muyeso, ndipo palibe kukunga kumene kudzachiza nthendayo. Ngati khutu lanu simulikhulupirira, tengani mnzanu wodziwa kuimba mupite naye. Ulendo wache mudzaulipira ndi mbale ya nsima.

Muyang'anenso zokungira zingwe za kumutu. Zokhala ndi timano tachitsulo zigwira bwino koposa zikhomo zongolowetsa, zimene zimabwerera zokha m'manja mwa wosazolowera. Kathabwa komangapo zingwe pamimba kakhale komatika ndithu, kopanda mpata pansi pache, pakuti ndiko kasenza mphamvu yonse ya zingwe.

Za mtengo umene anasemera musade nazo nkhawa. Ukulele wa mtengo wa koa wa ku Hawaii ngwokoma, koma ngwa anthu a chuma. Wa timatabwa topyapyala tomatiza, umene ena aunyoza, upirira bwino chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa chirimwe, pamene wa thabwa limodzi ukhoza kung'aluka. Wogwiritsa kale nchito ulibe choipa ukapambana mayeso tanenawa.

Mukafika nao kunyumba mudzaona kuti zingwe zikhwefuka kawiri kawiri. Musathamangire kukabweza, monga linachita banja lina limene tilidziwa, lomwe linataya tsiku ndi ndalama ya ulendo pachabe. Zingwe za nailoni zatsopano zimatanuka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka zimakhazikika. Muzingozikunga tsiku ndi tsiku. Ukulele musausiye padzuwa kapena pafupi ndi moto, koma muukulunge m'nsalu ndi kuupachika posafika makanda. Tsiku loyamba mwana aike chala chimodzi pa kamzere kachitatu ka chingwe cha pansi ndi kuliza zonse zinai pamodzi. Ameneyo ndi C, ndipo akaonjeza F ndi G7 adzatha kuperekeza nyimbo zambiri za pabwalo.