KODI BASI INGAFIKE BWANJI KU DERA LATHU LATSOPANO?

Mzinda wa Lilongwe ukukula msanga. Pa kalembera wa 1998 mudali anthu pafupifupi 440,000, koma pofika kalembera wa 2018 adali pafupifupi 990,000. Anthu ambiri amanga m'malo monga Chinsapo, Mtandire ndi Kauma, ndipo ena apitirira malire a mzinda mpaka kwa Njewa. Nyumba zimayamba kufika, msewu ndi basi zimabwera pambuyo. Tsono mayi wodwala, mwana wa sukulu ndi bambo wa pantchito amayenda mtunda wautali kuti akapeze siteji, kapena amalipira kabaza asanalipirenso minibasi.

Kodi mabasi ndi a yani?

Akuluakulu akukumbukira mabasi a UTM. Mu 1989 kampani ya ku Britain ya Stagecoach idagula gawo lalikulu la UTM, ndipo itachoka mu 1997 mabasiwo adayamba kutchedwa Shire Bus Lines. Nayonso kampaniyi idadzagwa. Lero anthu ambiri a m'mizinda timadalira maminibasi a anthu wamba. Izi zikutanthauza kuti palibe ofesi imene ingalamule mwini minibasi kuti ayende msewu umene sapezapo phindu. Kudandaula kokha sikungabweretse basi. Tiyenera kudziwa zimene mwini galimoto amayang'ana.

Zimene mwini minibasi amawerengera

Choyamba ndi msewu. Msewu wa maenje umathyola masipuling'i ndi kutha matayala, ndipo nthawi ya dzinja galimoto imatitimira m'matope. Mlatho umodzi wothyoka ungathe kutseka dera lonse.

Chachiwiri ndi okwera. M'mawa minibasi imadzaza popita m'tauni, koma pobwerera imakhala yopanda anthu, chonsecho mafuta ikumwa chimodzimodzi. Dera limene lili ndi msika, sukulu kapena chipatala limakopa eni magalimoto chifukwa anthu amayenda mbali zonse ziwiri tsiku lonse.

Chachitatu ndi ndalama zotuluka: mafuta, malipiro a dalaivala ndi kondakitala, inshuwalansi, zokonzera galimoto ndi ziphaso za boma. Zimenezi zikaposa zolowa, minibasi imabwerera ku msewu wake wakale.

Chachinayi ndi chitetezo. Dalaivala safuna kupita kumene amaopa achifwamba kukada.

Udindo uli m'manja mwa yani?

Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998 lidapereka ku makhonsolo udindo wa chitukuko cha m'madera awo. Misewu ing'onoing'ono ya m'malokeshoni ndi malo oimikapo mabasi zili m'manja mwa khonsolo. Misewu ikuluikulu, monga M1 kapena M12 wopita ku Mchinji, imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority. Ndalama zambiri zokonzera misewu zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto, umene umapita ku Roads Fund Administration. Choncho aliyense wolipira minibasi amasonkha nawo, ndipo ali ndi ufulu wofunsa za msewu wake. Ziphaso za galimoto zonyamula anthu zimachokera ku nthambi ya boma yoona za pamsewu, imene ambiri timangoti Road Traffic. Nawonso eni maminibasi ali ndi bungwe lawo la MOAM.

Tidziwenso kumene dera lathu lili. Ngati lili m'kati mwa mzinda, nkhani ipite ku khonsolo ya mzinda kudzera kwa khansala wa wodi yathu. Ngati lili kunja kwa malire, ipite ku khonsolo ya boma kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya dera la Mfumu Yaikulu (ADC). Kalata yopita ku ofesi yolakwika imangogona m'kabati.

Tingachitepo chiyani?

1. Tiyitanitse msonkhano wa anthu onse, mosayang'ana chipani kapena mpingo, pamodzi ndi mafumu. Mutu umodzi susenza denga.

2. Tisankhe komiti yokhala ndi amayi, achinyamata ndi anthu olumala, pakuti iwowa ndiwo amavutika kwambiri ndi mtunda.

3. Kwa sabata yathunthu tiwerenge anthu opita ku siteji m'mawa, masana ndi madzulo. Chiwerengero cholembedwa chimamveka kwa mwini minibasi kuposa mawu apakamwa.

4. Tilembe kalata yotchula malo oipa a msewu, mafumu asainire, ndipo tisunge kope. Tipemphe kuti ntchitoyi ilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo, chifukwa ndalama zimatsata zimene zili m'ndondomekomo.

5. Tikumane ndi eni maminibasi ndi kugwirizana za mtengo ndi malo oimapo. Tingawapemphe kuti ayambe ndi m'mawa ndi madzulo okha.

6. Khansala kapena phungu akalonjeza, tilembe tsiku ndi mawu ake kuti tidzamufunse mwaulemu pa msonkhano wotsatira.

Walira mvula walira matope

Basi ikabwera, nafenso tili ndi udindo. Tisamange nyumba kapena okala m'malo osiyidwira msewu, ndipo tisataye zinyalala m'ngalande, poti madzi akasowa njira amakumba msewu. Tikane kukwera galimoto yodzaza mopyola muyeso. Tikumbukirenso anyamata a kabaza amene atithandiza nthawi yonseyi. Tiwaitane ku zokambirana, pakuti angathe kumanyamula anthu kuchokera pa siteji yatsopano kupita m'tinjira tosafika galimoto.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi dera lathu lili pansi pa khonsolo iti? Khansala wathu timamudziwa?

2. Ndi malo ati a msewu wathu amene tingakonze tokha, ndipo ndi ati ofunika khonsolo?

3. Ndani pakati pathu ayambe kuwerenga okwera, ndipo ayamba liti?